Kompyuta yotola makalata a eni

M'nyumba zambiri zomwe timakhala mogawana zipinda muno mu Dublin, wa positi amangoponya makalata onse pa kabowo ka pachitseko. Aliyense amatola yolembedwa dzina lake, za anzake n'kuzisiya pomwepo. Kompyuta nayo imachita chimodzimodzi. Uthenga pa netiweki umayenda m'timaphukusi, kalikonse ndi adiresi yake, ndipo khadi ya netiweki imalandira totumizidwa kwa iyo tokha.

Koma khadiyo itha kulamulidwa kuti izitola chilichonse chodutsa. Akatswiri amati yalowa mu promiscuous mode, dzina lomwe limaseketsa ophunzira athu poti pa Chingerezi liwuli limanenanso munthu wachimasomaso. Wophunzira akatsegula tcpdump kapena Wireshark pa Linux, makina amalemba m'kaundula wake kuti khadi yalowa m'menemo. Sikuti chawonongeka china ayi. Amisiri amatero tsiku ndi tsiku pofufuza chomwe chikuchedwetsa netiweki. Pulogalamu ya Wireshark anaiyambitsa ndi Gerald Combs mu 1998, ndipo inkatchedwa Ethereal mpaka 2006. Koma mukaona mawuwo pa makina omwe inu simunatsegulepo pulogalamu yotere, funsani msanga kuti wayatsa ndani.

Vuto ndi loti khutu lomwelo limamvanso za eni. Pa 14 May 2010 kampani ya Google, yomwe likulu lake la ku Ulaya lili pa Barrow Street pompano, inavomera kuti galimoto zake zojambula misewu za Street View zinkatolanso zidutswa za mauthenga pa Wi-Fi zosatseka ndi pasiwedi m'mayiko oposa 30. Inati zinachitika molakwitsa. Njira yake inali m'bale wake wa iyi, yomvetsera za mumlengalenga, yotchedwa monitor mode. Ofesi ya Data Protection Commissioner, yomwe panthawiyo ankaitsogolera Billy Hawkes, inapempha kuti za ku Ireland zifufutidwe, ndipo Google inalengeza kuti yazifufuta pamaso pa mboni yapadera. Tangoganizani: galimoto kudutsa pa msewu wanu, inu muli phee kulembera amayi kumudzi.

Masiku ano zinthu zinasinthako. Masamba ambiri ali pa https, choncho womvetsera amangoona komwe uthenga ukupita, osati zolembedwamo. Komabe potumiza ndalama ku Lilongwe kapena ku Chipata, onetsetsani kuti adiresi yayamba ndi https, ndipo foni ikakuchenjezani za setifiketi musapitirire. Wi-Fi ya kunyumba ikhale pa WPA2 kapena WPA3, ndipo lendi mnzanu akasamuka sinthani pasiwedi.

Kwa ophunzira omwe zala zikuyabwa: lamulo la ku Ireland la 2017 lokhudza milandu ya pa makompyuta limati kutchera mauthenga a ena popanda chilolezo ndi mlandu. Yeserani pa makina anu kapena mu labu ya kusukulu, mphunzitsi akudziwa, osati pa Wi-Fi ya m'hositelo.