Kiyi wa imelo yanu ali m'thumba mwa yani?

Nthambi ya boma kapena bungwe lina likangolengeza kuti likufuna kulemba anthu ntchito, timashopu tochita fotokope ndi kupulinta mapepala mumzinda wa Mzuzu timadzaza ngati chigayo tsiku Loweruka. Achinyamata a ku Salisbury Lines, dera la nyumba zothithikana lomwe matope ake m'dzinja amadziwika mzinda wonse, nawo satsalira m'mbuyo. Amalawirira ndi envulopu yakhaki kukhwapa, m'kati mwake muli satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi kalata yofunsira ntchito yolemba pamanja.

Ambiri mwa iwo alibe kompyuta yawoyawo. Foni ilipo, koma kutayipa CV, kujambula mapepala ndi kutumiza zonsezo pa imelo si ntchito ya kafoni ka mabatani. Nanga poti olemba ntchito ambiri masiku ano akumanena kuti makalata adzere pa intaneti, munthu atani? Amakakhala pa kompyuta ya eni, yomwe tsiku lomwelo igwiritsidwanso ntchito ndi anthu ena ambiri.

Apa ndiye pagona nkhani.

Kwa munthu amene sadakhalepo ndi imelo, zonse zimayamba ndi pempho laulemu loti achimwene a pashopu amutsegulire akaunti. Mnyamatayo, poti ndi wozolowera, amatayipa mwachangu. Dzina la akaunti amasankha ndi iye. Pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira akauntiyo, amapekanso ndi iye, ndipo nthawi zambiri limangokhala dzina la kasitomala ndi chaka chake chobadwa, apo ayi nambala yake ya foni. Amalemba pakapepala n'kupereka. Kompyuta ikafunsa nambala ya foni yodzathandizira mwini akaunti tsiku limene adzaiwale pasiwedi, ena amangoikapo yawo kuti mzere uyende.

Kasitomala amatuluka akumwetulira, ntchito yatheka. Sadziwa kuti wagula loko, wogulitsa n'kutsala ndi kiyi mmodzi.

Sikuti anyamata ndi atsikana a m'mashopu amenewa ndi akuba, ayi. Ambiri ndi anthu ongosaka ya ndiwo, ndipo pakadapanda iwo achinyamata ochuluka sakadatumiza ngakhale kalata imodzi. Woopsa kwambiri ndi munthu wobwera pambuyo panu, amene simukumudziwa, amene akhale pampando womwewo n'kupeza chitseko chili chosatseka.

Chitseko chimatsala chosatseka motani? Anthu ambiri akamaliza kutumiza kalata amangodina ka X kali pakona, zenera la intaneti n'kutsekeka, iwo n'kumati atuluka. Koma Gmail, Yahoo ndi ena otero adapangidwa kuti azikumbukira munthu amene walowa, poganiza kuti kompyutayo ndi yake. Wobwera pambuyo akangotsegula Gmail amangofikira m'makalata anu, osafunsidwa pasiwedi iliyonse. Kutuluka kwenikweni n'kudina pa chithunzi kapena chilembo cha dzina lanu, pamwamba kudzanja lamanja, kenako n'kudina Sign out. Ngakhale mutatero, dzina la akaunti yanu limatsalabe pamndandanda wa omwe adalowapo, ndipo n'kwanzeru kulichotsanso.

Msampha wina ndi kabokosi kamene kamatulukira mukangolemba pasiwedi, kofunsa m'Chingerezi ngati mukufuna kuti Chrome akusungireni. Munthu amene ali pachangu, kapena amene Chingerezi chimamuvuta, amangodina batani lowala kuti kachoke. Batanilo ndi Save. Kuyambira pamenepo kompyutayo imakhala ikudziwa pasiwedi yanu, ndipo mwini wake akhoza kuiwerenga chilembo ndi chilembo pamalo pomwe Chrome amasungira mapasiwedi. Pa kompyuta ya eni yankho ndi Never, nthawi zonse.

Palinso vuto lathu lino la magetsi. Akathima muli pakati potumiza kalata, kompyuta imazima musadatuluke. Mumadikira pang'ono, kenako n'kunyamuka ulendo wa kunyumba. Magetsi akayaka madzulo, akaunti yanu imayakanso limodzi ndi kompyutayo, inu muli kutali mukudya nsima.

Wina akhoza kuseka n'kufunsa kuti munthu wa paulova angamubere chiyani pa imelo. Funsoli n'lomveka, koma limaiwala chimene imelo yasanduka. Munthu akaiwala pasiwedi ya Facebook, uthenga womuthandiza kupanga yatsopano umapita ku imelo kapena ku foni yake. N'chimodzimodzi maakaunti ambiri ofunsira malo kusukulu zaukachenjede, ngongole za ophunzira ndi ntchito za m'mabungwe. Amene wagwira imelo yanu wagwira kiyi wa nyumba yaikulu, momwe mwapachikidwa makiyi a zipinda zina zonse.

Taganizirani mtsikana amene wadikira miyezi itatu kuti aitanidwe ku intavyu. Kalata yomuitana yafika, koma wina amene naye adafunsira ntchito yomweyo waiona kaye n'kuifufuta. Mtsikanayo adzangoti sadamusankhe. Palibe tsiku limene adzadziwe.

Taganiziraninso mabanja a m'chigawo cha kumpoto, makamaka ochokera ku Mzimba, omwe ali ndi abale ku Johannesburg, Cape Town kapena Durban. Wakuba akalanda Facebook ya munthu kudzera pa imelo, amalembera abalewo m'dzina la mwini akaunti kuti kuno kwagwa matenda, atumize ndalama msanga pa nambala yakutiyakuti. Mbale amene ali kutali akaona dzina ndi chithunzi cha mng'ono wake sayamba wafunsa zambiri.

Nanga mapepala aja munajambula? Iwo satuluka nanu mukadina Sign out. Chithunzi cha chiphaso cha unzika, satifiketi ndi CV zimatsala pa kompyuta, m'foda ya Downloads kapena poonekera penipeni. Chiyambire m'chaka cha 2017 pomwe boma lidalemba Amalawi m'kaundula wa unzika, chiphasochi ndicho chimafunidwa kubanki komanso polembetsa simukhadi, ntchito yomwe idakhwimitsidwa mu 2018. Pa CV pali dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya foni, mudzi ndi mfumu yanu, ndiponso maina ndi manambala a anthu okuchitirani umboni. Kwa atsizinamtole oimba foni n'kumanamizira kuti ndi mabwana a kuofesi, omwe amapempha kangachepe kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, pepala lotere ndi chuma. Musadachoke, pemphani kuti mafayilo anu afufutidwe inu mukuona, ndipo afufutidwenso mu Recycle Bin, momwe zofufutidwa zimakadikirira.

Chodabwitsa n'choti anthu omwewa amadziwa kusunga chinsinsi. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Lero ngakhale gogo wogulitsa tomato amadziwa kutembenuka pang'ono ndi kuphimba foni polemba nambala yachinsinsi pamaso pa ejenti. Palibe amene amakhumudwa nazo. Koma pa kompyuta munthu amachita manyazi kuuza womuthandiza kuti ayang'ane kumbali, poopa kuoneka ngati akumuganizira zakuba. Ena amatchula pasiwedi mokweza kuti mnyamata wa pashopu atayipe, mzere wonse ukumva. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu uwu ndi wodula.

Njira yosavuta kwa wogwiritsa ntchito kompyuta ya eni ndi kutsegula zenera lotchedwa Incognito. Pa Chrome mumadina mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi N. Zenera limeneli likatsekedwa limaiwala kuti mudalowa, ndipo silisunga masamba omwe mudatsegula. Komabe lili ndi malire ake. Mafayilo omwe mwakopera pa kompyuta amatsalabe, ndipo ngati wina adaikamo pulogalamu yojambula mabatani onse omwe munthu akudina, Incognito singakutetezeni.

N'chifukwa chake loko wachiwiri ali wofunika. Kampani ya Google idayamba kupereka njira yotsimikizira kawiri mu 2011: mukalemba pasiwedi pa kompyuta yachilendo, foni yanu imalandira nambala kapena funso loti ndinudi mukulowa. Wakuba amene ali ndi pasiwedi yokha amakanika pakhomo. Njirayi ndi yaulere, koma imagwira ntchito pokhapokha nambala ya foni yomwe ili pa akauntiyo ndi yanu, ndipo simukhadiyo mukuisamala. Achinyamata amene amasintha manambala chaka chilichonse amadzitsekera okha kunja.

Pasiwedi nayo ikhale yaitali, ya mawu angapo osagwirizana, osati dzina la mwana kapena la timu ya mpira. Isakhalenso imodzi paliponse. Makampani akuluakulu nawo amaberedwa: mu 2017 kampani ya Yahoo idavomera kuti maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni adakhudzidwa ndi kuba komwe kudachitika mu 2013. Amene adagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo m'malo ena adatsegulira akuba makomo ena osadziwa.

Nkhaniyi simathera kushopu. M'nyumba zambiri laputopu imakhala imodzi: bambo amalembera malipoti a kuntchito, mwana wa kukoleji amalembera ntchito ya kusukulu, mlamu wobwera kudzacheza amaonera mafilimu. N'chimodzimodzi m'maofesi a masukulu ndi a mipingo, momwe kompyuta imodzi imatumikira aliyense. Windows imalola kuti munthu aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake pa kompyuta yomweyo, ndipo kudina batani la Windows pamodzi ndi L kumakhoma kompyuta munthu akadzuka pang'ono. Amene amawerenga makalata pa mapulogalamu monga Outlook kapena Thunderbird adziwe kuti makalatawo amasungidwa m'kompyuta momwemo, moti aliyense wolowa pa akaunti yawo ya Windows amawapeza. Laputopu ikapita kokakonzetsa imapita nawo. WhatsApp nayo ikalumikizidwa ku kompyuta imapitiriza kuonetsa mauthenga mpaka mwini wake atailumula pa foni, pamalo olembedwa Linked devices.

Malamulo alipo. Ndime 21 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo izi zikukhudzanso makalata ndi mauthenga a pa lamya. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la m'chaka cha 2016 lidakhazikitsa kuti kulowa m'zinthu za munthu pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu wolipitsa chindapusa komanso wotengera munthu kundende. Lamulolo silipatula mwamuna wosuzumira makalata a mkazi wake, kapena chibwenzi chansanje. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection, lomwe limapereka udindo kwa osunga mbiri za anthu ena kuti azizisamala, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa ntchito yoliyang'anira.

Koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Pa kompyuta yomwe yadutsa m'manja mwa anthu ambiri tsiku limodzi, popanda buku lolemba amene adakhalapo, apolisi angayambire pati?

Kwa amene akukayika kuti adasiya chitseko chosatseka kwinakwake, mpata ulipo. Choyamba n'kusintha pasiwedi, makamaka pa foni yanu. Kenako lowani pa akaunti ya Google, pagawo la Security, pomwe pali mndandanda wa mafoni ndi makompyuta onse omwe alowa m'akauntiyo. Chipangizo chilichonse chachilendo mukhoza kuchitulutsa muli pomwepo, osabwereranso kushopu. Pomaliza onani nambala ya foni ndi imelo zothandizira kubwezeretsa akaunti.

Ngati nambalayo ndi ya mnyamata amene adakutsegulirani akaunti zaka zitatu zapitazo, ichotseni pasiwedi mukadaikumbukira. Anyamata a m'mashopu amasintha ntchito, ena amapita ku Lilongwe, ena ku Joni, ndipo simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani ya mafoni imapereka nambalayo kwa munthu wina. Tsiku limene mudzaiwale pasiwedi, uthenga wokutsegulirani akaunti udzalira m'thumba mwa munthu amene simudakumanepo naye, pomwe adiresi ya imeloyo ili pamwamba pa CV iliyonse yomwe mudatumiza.