ULENDO WOKAONA AGOGO PA TSIKU LAWO LOBADWA

Pakati pa anthu a kwathu amene akugwira ntchito ku Joni, ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia pabuka mwambo umene makolo athu sankaudziwa. Abale amauzana pa foni kuti agogo akwanitsa zaka 80 kapena 90, nasonkha ndalama, napangana tsiku, ndipo tsikulo likayandikira amakwera basi kupita kumudzi kukadya nawo phwando. Alipo ena amene amaseka zimenezi. Amati ndi mwambo wa Azungu, ndipo nkhalamba ya kumudzi ilibe ntchito ndi keke. Za kekezo tingavomerezane nawo, koma za ulendowo iyayi.

Taganizani zimene zimachitika uthenga wa maliro ukafika. Ndalama ya basi imene yakhala ikusowa zaka zisanu imapezeka tsiku lomwelo. Bwana amapereka tchuthi, anzathu a pa ntchito amasonkha, ngongole imatengedwa, ndipo munthu amayenda usiku ndi usana kuti akaone nkhope, kawirikawiri nafika atayika kale. Kumanda timayankhula mawu okoma otamanda malemuyo, koma mwini wake sakumva, ndipo bulangeti limene tinamusungira amafunda ndi ena. Ngati ndalama ya ulendo wa maliro imapezeka, ingathenso kupezeka ya ulendo wokapeza nkhalamba ili moyo, ikutha kugwira zidzukulu m'manja ndi kuzitchula mayina.

KODI ANABADWA LITI?

Vuto loyamba limene abale amakomana nalo ndi tsiku lenilenilo. Agogo ambiri sadziwa tsiku limene anabadwa, ngakhale chaka chomwe. Zimenezi si zamanyazi, pakuti m'masiku a Nyasaland mwana wobadwira kumudzi sankalembedwa m'kaundula wa boma. Ngakhale Dr. Hastings Kamuzu Banda anali chimodzimodzi. Boma lake linkanena kuti anabadwa pa 14 Meyi 1906, koma atamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, kalata ya imfa yake inati anali ndi zaka 99, kutanthauza kuti anabadwa cha m'ma 1898. Ngati zinali zotero ndi munthu amene anaphunzira udokotala ku America ndi ku Scotland, nanga agogo athu amene sanapondeko m'kalasi?

Wina adzati, koma pa chitupa palembedwa. Inde, mu 2017 boma la Malawi linalemba anthu oposa 9 miliyoni ndi kuwapatsa chitupa cha unzika, ndipo chitupa chilichonse chili ndi tsiku lobadwa. Koma munthu amene sankadziwa chaka chake asanayime pa mzere sanachidziwe chifukwa choyima pa mzerepo. Zimene zinalembedwa kwa wotereyo ndi zongoyerekeza. Umboni wabwino koposa uli m'mabuku a ubatizo a ku mishoni zakale, monga Blantyre imene inayamba mu 1876, Nkhoma mu 1896 ndi Mua mu 1902. Ngati agogo anabatizidwa ali khanda, tumani mbale akapemphe abusa kapena ansembe kuti atsekule bukulo.

Ngati buku palibe, funsani mwini wake, koma funsani mwanzeru. Musati, "Munabadwa chaka chanji?" Nenani, "Agogo, pa njala ija ya 1949 munali msinkhu wotani?" Njala imeneyo inavuta kwambiri m'chigawo cha Kumwera, ndipo palibe amene anayiona nayiwala. Akati anali wobereka kumbuyo ndipo amangomva kwa amawo, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 1947 kapena 1948. Akati ankatsagana ndi akuluakulu kuthengo kukakumba mizu yoti adye, ndiye kuti ndi a m'ma 1940 kapena kuposera apo. A ku Zomba muwafunse za Napolo amene anagumula phiri mu Disembala 1946. A kunyanja muwafunse za sitima ya Vipya imene inamira mu Julayi chaka chomwecho, nimiza anthu 145. Palinso kubwera kwa asilikali a K.A.R. kuchokera ku Burma nkhondo itatha mu 1945, kuyamba kwa Chitaganya mu 1953, kutera kwa Kamuzu pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndi chipolowe cha pa 3 Malichi 1959. Mayi amene anali ndi mwana wake woyamba kumbuyo pa tsiku la ufulu mu 1964 sangakhale kutali ndi zaka za m'ma 1944 mpaka 1947. Funsaninso anzawo amene anavinidwa nawo limodzi, pakuti mwina mmodzi wa iwo ali ndi kalata ya ubatizo, ndipo chaka cha mmodzi chimaunikira onse.

Mukafunsa chotere mudzaona kuti nkhalamba imene mumayesa kuti yayiwala zonse ikuyankhula mpaka moto kuzima.

SANKHANI NYENGO YABWINO

Kusadziwika kwa tsiku kuli ndi ubwino wake, chifukwa banja lingathe kusankha lokha. Ife tikuti sankhani nthawi ya masika, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Pamenepo chimanga chili m'nkhokwe, mtedza ndi mbatata zilipo, misewu ya kumudzi yauma ndipo galimoto imafika pakhomo. Mwezi wa Januwale ndi wa Febuluwale ndi ya njala m'midzi yambiri, ndipo alendo khumi ofika nthawi imeneyo ndi katundu wolemera kwa eni khomo, ngakhale iwo sadzanena. Disembala ndi nyengo ya Pasaka mabasi amadzaza, mitengo imakwera, ndipo mizere ya pa Beitbridge imatalika koposa. Koma kumbukirani kuti Juni ndi Julayi kumazizira ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Thyolo, kotero phwando lichitike masana padzuwa, nkhalamba isakhalitse panja madzulo.

NJIRA YAKE

Wochokera ku Johannesburg ali ndi mtunda woposa makilomita 1,700 kuti afike ku Blantyre. Basi imadzera ku Polokwane ndi ku Musina, nioloka Limpopo pa Beitbridge, nipitirira ku Masvingo mpaka ku Harare, kumene abale a ku Zimbabwe amakwerera. Kuchoka apo imalowa m'dziko la Mozambique pa Nyamapanda, nioloka Zambezi pa Tete. Opita ku Blantyre amalowera pa Zobue ndi Mwanza, opita ku Lilongwe amatha kulowera pa Dedza. A ku Kitwe ndi ku Ndola njira yawo ndi ya ku Lusaka, Chipata ndi Mchinji. Pa ulendo wa ku Joni werengani masiku awiri popita ndi awiri pobwerera, ndipo muonjezepo limodzi, chifukwa malire alipo atatu ndipo basi siichoka mpaka katundu wa munthu womaliza ataonedwa. Musapangane zofika m'mawa wa tsiku la phwando.

Mukafika otopa, musadandaule kwambiri pamaso pa agogo aamuna. Ambiri a iwo njira imeneyi anayiyenda kale, ndipo m'masiku awo inali yowawa. Atate awo ena anayenda pansi mpaka ku Salisbury, ena anakwera malole a Ulere, ena sitima ya pamtunda yodzera pa mlatho wa Dona Ana umene unatsekulidwa mu 1935. Iwo eni ambiri anauluka pa ndege ya Wenela mpaka ku Francistown, kumene ndege ina inagwa pa 4 Epulo 1974 nipha anthu a ku Malawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Ngakhale malo okwerera mabasi a mu Blantyre anthu amawatchabe kuti pa Wenela.

MAPEPALA

Apa ndipo pagona nkhani yovuta. Ambiri amene kumudzi amatchedwa matchona sanayiwale kwawo, koma akuopa pa malire. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kucheza ku South Africa masiku 30, ndipo malamulo a mu 2014 amati wopitiriza masiku ake, potuluka amaletsedwa kulowanso. Wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa chaka chimodzi, wopitiriza koposa apo amaletsedwa zaka zisanu. Chotero musanagule tikiti tsekulani pasipoti yanu, muone tsiku limene ikutha ndi tsiku limene chilolezo chanu cha ntchito chikutha. Ngati pali chokonza, konzani miyezi ingapo ulendo usanafike. Ndipo inu abale a kumudzi, musafulumire kunyoza amene walephera kubwera. Mwina kubwera kwake kukanamutayitsa ntchito imene ikugulira agogowo feteleza. Woteroyo atumize gawo lake, ndipo pa tsikulo muwapatse agogo foni kuti aonane naye nkhope.

Otenga ana atenge kalata zawo zobadwira, ndipo ngati kholo limodzi likutsala, lilembe kalata yovomereza ulendowo. Za tchuthi, lamulo la ntchito la ku South Africa limapatsa wantchito masiku 21 otsatizana pa chaka, ndi malipiro ake. Pemphani msanga, ndipo tsiku lobwerera pa ntchito lilembedwe pa pepala.

Chinanso ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wa malungo, kotero ana obadwira kumeneko matupi awo sadziwa nthendayi, ndipo ngakhale wamkulu amene wakhalako zaka zambiri mphamvu yake yolimbana nayo imachepa. Tengani neti, aliyense agone m'netimo. Wina akatentha thupi mutabwerera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene mwachokera, chifukwa iwo angayese chimfine.

MPHATSO

Pa mphatso ambiri amalakwitsa pogula zokondweretsa maso awo. Nkhalamba imafuna bulangeti lofunda, jekete kapena juzi, nsalu, nsapato zofewa, shuga, masamba a tiyi, sopo ndi mafuta odzola. Za nsapato, uzani mbale ayeze phazi ndi chingwe akutumizireni muyeso. Sungani malisiti a zonse zimene mwagula, pakuti a msonkho pa malire adzawafuna. Mbuzi, nkhuku ndi mpunga mugule kumudzi komweko, ndipo ndalama yake musatumize kukali miyezi yambiri, chifukwa mitengo siyima. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Keke ibwere ngati ana akuyifuna, koma thobwa lisasowe, ndipo nyama iphikidwe mpaka kufewa poganizira mano a mwini phwando. Ndalama imene mwakonzera agogo muwapatse m'manja mwawo muli awiri. Ya pagulu imapeza eni ake ambiri dzuwa lisanalowe.

Ngati nkotheka, patulani tsiku limodzi lopita nawo kuchipatala kuti akaonedwe maso ndi kuthamanga kwa magazi. Ng'ala ya m'maso imachotsedwa, ndipo alipo okalamba amene akhala mumdima zaka zambiri chifukwa chosowa wowaperekeza.

MUKAFIKA

Musayambe ndi kumasula katundu. Yambani mwaonekera kwa amalume kapena kwa mwini mbumba, ndipo iwo akakudziwitseni kwa anyakwawa, pakuti phwando la anthu ambiri silichitika m'mudzi amfumu osadziwa. Mukatero yendani m'makomo onse mmene munagwa maliro inu kulibe, mukapepese. Munthu wovina pabwalo asanakhuze maliro a m'nyumba yoyandikana nayo anthu amamuyang'ana chammbali, ngakhale atabweretsa mbuzi zitatu. Ngati kwawo kwa bambo a ana kuli kwina ndipo kwa mayi awo kuli kwina, gawani masiku kuti mbali zonse zione ana. Chibale ndi fupa, sichiola, koma nsanje ya pakati pa kuchimuna ndi kuchikazi imayamba ndi zinthu zazing'ono zotere.

Ana obadwira kunja muwakonzekeretse muli m'njira. Ambiri amayankhula Chizulu, Chisutu, Chishona kapena Chingerezi, ndipo akafika pamaso pa agogo amangoti duu. Masiku awiri a m'basi ndi okwanira kuwaphunzitsa kunena "Muli bwanji agogo?" ndi "Ndili bwino, kaya inu?" ndi "Zikomo." Aphunzirenso kugwada kapena kunjuta popereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kusatchula wamkulu dzina. Akalakwitsa katchulidwe agogo adzaseka, ndipo kusekako ndi mbali ya phwando.

Pa tsiku lenilenilo zoyankhula zichepe. Taonapo maphwando amene ana ochokera ku tauni amasinthana kuyankhula maola atatu, zimbale zikulira, mwini tsiku atakhala pa mpando ngati mlendo. Apatseni mpata ayankhule okha, ndipo mmodzi wa inu ajambule mawuwo pa foni. Afunseni mfunda kapena chiwongo chawo ndi cha amawo, kumene mudzi unachokera usanakhazikike pamenepo, mayina a abale awo amene anapita ku Wankie, ku Shabani kapena ku Joni osabwereranso, ndi malire a munda. Za mundazo muyende nawo ngati miyendo ikulola, akuonetseni chulu, mtengo kapena khwawa limene lili malire, pali amalume ndi mboni ina, chifukwa milandu yambiri ya malo imabuka mwini kudziwa atapita.

Musanabalalike, lembani tsiku limene mwasankhalo m'kope limodzi pamodzi ndi mayina a onse amene anabwera ndi amene anatumiza, ndipo kopelo lisungidwe ndi mwini mbumba. Mugwirizanenso za amene adzasonkhanitse ndalama chaka chamawa, ndi kuti aliyense azipereka zingati pa mwezi.