Cipangizo cogona m'kabati siciphunzitsa mwana

Pa Ciwelu paliponse timaphunzitsa katekisimu ana okonzekela Ukalistia woyamba. M'gulu lina munali mtsikana wa giledi 5 amene anali kukhala kumbuyo ali duu. Tikamufunsa funso, anali kuyang'ana anzake coyamba. Tinamuyesa waulesi, ndipo tivomeleza kuti tsiku lina tinamudzudzula pamaso pa anzake. Amai ake ndiwo anatiuza zoona: mwanayo samva bwino. Anapatsidwa kacipangizo ka m'khutu kothandiza kumva, koma mabatili anatha, ndipo kwa miyezi itatu kanali kugona m'kabati kunyumba. Ku sukulu nako anali kumuyesa mbuli.

Kucokela tsiku limenelo takhala tikuganiza za ana olemala a m'masukulu athu muno mu Lusaka. Pa tsiku lopeleka mphatso timaomba m'manja, zithunzi zimajambulidwa, alendo n'kupita. Koma ndani amabwelanso patapita temu imodzi kudzaona ngati cipangizo cija cikali kugwila nchito?

Kuphunzitsa ana olemala si nkhani yatsopano kwathu kuno. Sukulu ya akhungu ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayambidwa ndi amishoni mu 1905. Koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana otele, imene lelo ichedwa ZAMISE, inatsegulidwa mu Lusaka mu 1971. Dziko lathu linavomeleza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act. Ku Munali kuli makalasi a ana osaona ndi osamva, ku Bauleni masisitele aphunzitsa ana a zilema zosiyanasiyana, ku Kabulonga kuli Cheshire Home, ndipo ku Chilenje kuli laibulale ya akhungu. Cimene cipelewela ndi cisamalilo ca tsiku ndi tsiku ca zida zimene mwana aphunzila nazo.

Tiyeni tione zida zimenezi cimodzicimodzi. Mwana wosaona amawelenga ndi zala zilembo za Braille, zopangidwa ndi timadontho totukuka tosapitilila 6 pa cilembo cimodzi. Amalemba ndi kabolodi ndi kacitsulo kosongoka, kapena ndi makina a Perkins amene anayamba kupangidwa ku America mu 1951. Makinawa ndi olimba, koma afuna mapepala ocindikala, kupukuta fumbi ndiponso mmisili wodziwa kuwakonza. Afunanso mphunzitsi wodziwa kuwelenga zimene mwana walemba. Popanda iye, mwana alemba homuweki imene palibe woiconga.

Kacipangizo ka m'khutu nako kali ndi zofuna zake. Mabatili ake amatha m'milungu yocepa cabe. Kamphila kolowa m'khutu kafunika kusintha pamene mwana akula, cifukwa kakakhwepa kacipangizo kamayamba kulila. Ndipo kamakweza phokoso la kalasi lonse pamodzi ndi mau a aphunzitsi. Cokhala boma linayamba maphunzilo aulele mu Januwale 2022, makalasi ambili adzaza kwambili. Mwana wovala kacipangizoka akakhala kumbuyo, amamva cabe cisokonezo.

Masiku ano kompyuta ndi foni zitha kuwelengela munthu wosaona mokweza. Pulogalamu ya NVDA, imene anyamata awili osaona a ku Australia anapanga kuyambila mu 2006, ndi yaulele, ndipo mafoni a Android ali ndi ina yochedwa TalkBack. Izi n'zabwino ndithu. Koma tonse tikumbukila 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku. Ndiye cifukwa cake mwana asaleke kuphunzila Braille ati popeza kwabwela kompyuta.

Tisaganizenso kuti cida cabwino ndi cocokela kunja cokha. Pa UTH, a APTERS anaonetsa kuti makatoni ndi mapepala akale, akamatidwa bwino, amatulutsa mpando wolimba wocilikiza mwana amene satha kukhala tsonga yekha. Kulemba zilembo zikuluzikulu pa bolodi, kuika mwana pa desiki ya kutsogolo, kuyang'ana ana polankhula m'malo moyang'ana bolodi: zonsezi sizifuna ngwee ngakhale imodzi.

Tsono tipempha zinthu zinai. Coyamba, a hedi alembe m'buku cipangizo ciliconse cimene cili pa sukulu, ndani acigwilitsila nchito, ndipo cionedwe temu iliyonse. Cacikulu, makiyi a kabati asakhale ndi munthu mmodzi amene akadwala ana akhala manja lende. Caciwili, opeleka mphatso apeleke pamodzi ndi mabatili, mapepala ndi maphunzilo a mphunzitsi. Cacitatu, mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Ife a ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga tipite ku misonkhano ya makomiti a citukuko a m'mawadi athu, tikafunse kuti pogula madesiki ndi pomanga makalasi ana olemala aŵelengedwa bwanji. Cacinai, makolo musabise mwana m'nyumba. Mukaona kuti samva kapena saona bwino, mupite naye ku cipatala msanga, ndipo muuze aphunzitsi ake. Bungwe loyang'anila mayeso la ECZ limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma sukulu iyenela kulembetsa mwanayo nthawi ikalipo.

Mtsikana uja a mumphakati mwathu anasonkhelana ndi kumugulila mabatili. Tinamuika pa benchi ya kutsogolo, ndipo ife tinaphunzila kulankhula tikumuyang'ana. Pa tsiku la mayeso a katekisimu anayankha bwino kuposa ambili. Tinapepesa kwa iye ndi kwa amai ake.

Akulu anati lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Mwana amene afuna thandizo maŵa angakhale wa m'nyumba mwanu. Mukapita ku msonkhano wa makolo temu ino, pemphani kuti kabati ija itsegulidwe.