Katemera Asalekezedwe Panjira

Akuluakulu m'midzi yathu akuikumbukirabe nthomba, nthenda imene inkasiya zipsera kumaso ndi maliro m'mabanja. M'chaka cha 1980 kunalengezedwa kuti nthendayi yatheratu pa dziko lonse lapansi, ndipo chinaithetsa ndi katemera. Komatu nthenda zina zikadalipo. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 muno m'Malaŵi, ndipo mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, nthenda imene tinaiona komaliza mu 1992.

Makolo ambiri amayamba bwino kupita ndi khanda kusikelo, koma mwana akayamba kukwaŵa amagwa mphwayi. Uku kuli ngati kudzala munda osabwerera kukapalira.

Ndondomeko yake ili motere. Pobadwa mwana amalandira BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amabwereza madonthowo, nabayidwa katemera wa chibayo ndi wina wolimbana ndi nthenda 5 pamodzi, monga kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Pa maulendo aŵiri oyambawo amamwanso katemera wa kutsekula m'mimba, ndipo pa ulendo wachitatu amaonjezera jakisoni wa poliyo. Pa miyezi 9 pamabwera wa chikuku ndi wa taifodi, ndipo wa chikukuyo amabwerezedwa pa miyezi 15, pakuti ana ena woyambayo sawagwira. Ulendo wotsirizawu ndiwo ambiri amauiŵala.

Chimene chimabweza amayi ena ndi mantha. Mwana akabayidwa amatha kutentha thupi pang'ono, kulira, kapena kutupa pobayidwapo kwa tsiku limodzi kapena aŵiri. Muyamwitseni pafupipafupi ndipo musamfunditse zambiri. Pamene panabayidwa BCG pamatuluka kachilonda patapita masabata angapo. Musakafinye kapena kupakapo mankhwala, kamapola kokha nkusiya chipsera. Koma mwana akakomoka, akabanika popuma, akatentha kwambiri kapena akakana bere, thamangirani naye kuchipatala nthaŵi yomweyo.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo nawonso ali ndi malamulo awo. Katemera amasungidwa pozizira, ndipo mwana aliyense amabayidwa ndi singano yatsopano. Auzeni ngati mwanayo anavutikapo ndi katemera wam'mbuyo. Chimfine chokha si chifukwa chokhalira kunyumba. Ngati tsiku linakudutsani, pitanibe, chifukwa sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene munalekezera.

Inu abambo, ntchito imeneyi musawasiyire amayi okha. Tsegulani buku la kuchipatala la mwana wanu madzulo ano, muone tsiku limene lalembedwamo. Nanunso achinyamata odziŵa kuŵerenga, aŵerengereni makolo ndi agogo amene akulera ana, kuti mng'ono wanu amalize katemera wake yense.