Zitsamba ndi Chitopa: Pamene Mankhwala a Makolo Amalekezera

Dzuŵa la mwezi wa Okutobala likafika poswa mtengo, m'midzi yambiri nkhuku zimayamba kufa motsatizana. Nkhuku imaodzera masanasana, mapiko atagwa ngati yavala jekete. Kenaka imatsekula zobiriŵira, khosi n'kupotoka. Sabata isanathe khola limatsala pululu. Imeneyi ndiyo nthenda ya chitopa, imene ena amaitcha chideru. Kwa mayi amene amadalira nkhuku kuti apeze mchere, sopo ndi makope a ana, tsoka lotere silisiyana ndi kupsa kwa nkhokwe.

Anthu akumudzi sakhala manja lende nthendayi ikagwa. Ena amasinja tsabola n'kuthira m'madzi akumwa a nkhuku. Ena amaviika masamba a nimu, khungwa la muŵaŵani kapena alovera. Nzeru zotere n'zosayenera kuzinyoza, pakuti pa mavuto ena zimathandizadi. Nkhuku ikamasamba m'phulusa, nsabwe ndi utitiri zimachepa. Masamba a ombwe, osinja ndi kuviika m'madzi, amapha tizirombo totere akawazidwa m'khola, chifukwa muli poizoni wotchedwa rotenone. Poizoniyu amaphanso nsomba, choncho madzi ake asamatayidwe kufupi ndi mtsinje kapena dziŵe. Nazo njere za papaya, zouma ndi zosinja, alimi ambiri amapatsa nkhuku pofuna kuchepetsa njoka zam'mimba.

Koma chitopa ndi nkhani ina. Chimayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa vairasi, ndipo akatswiri adachizindikira koyamba m'chaka cha 1926 pa chilumba cha Java ku Indonesia ndi mu mzinda wa Newcastle ku England. Kufikira lero palibe mankhwala ochichiza, ngakhale azitsamba, ngakhale makapisozi a kusitolo. Nanga n'chifukwa chiyani ena amalumbira kuti tsabola adapulumutsa nkhuku zawo? Mliri uliwonse pamakhala nkhuku zina zimene zimapirira pazokha, ndipo nthaŵi zina nthendayo imakhala kuti sinali chitopa konse. Zikapulumuka ziŵiri mwa khumi, mwini amatama tsabola, n'kuiŵala zisanu ndi zitatu zimene zidamwa tsabola yemweyo koma n'kufa.

Chimene chimateteza nkhuku ndi katemera. Pali wina wotchedwa I-2, amene adakonzedwa ku University of Queensland ku Australia poganizira midzi yopanda mafiriji, popeza saonongeka msanga ndi kutentha. Dontho limodzi m'diso la nkhuku limakwanira, ndipo amabwereza miyezi inayi iliyonse. Komabe katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino. Yodwala kale saidzutsa. Kuwonjezera apo, nkhuku yogula kumsika iyambe yakhala payokha masabata aŵiri, yodwala isagulitsidwe, ndipo yakufa ikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa, kuti agalu asamwaze nthenda mudzi wonse.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu nayamba kuŵeta nkhuku asataye phulusa ndi ombwe wa agogo ake, koma adziŵe pamene mphamvu yake imalekezera. Naye mphunzitsi wa zaulimi angathandize mudzi wonse pokumbutsa ana kuti makolo awo akaonane ndi mlangizi wa ziŵeto dzuŵa lisanakule. Paja akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse.