Si mphere, ndi simenti

Lachiwiri lapitali bambo ena omanga nyumba analowa m'chipinda changa cha kuchipatala manja ali m'matumba. Atawatulutsa, zala zinali zong'ambikang'ambika, zina zikuchucha madzi. Anali atatha masabata atatu osapita kuntchito, ndipo waganyu akajomba, tsikulo sawerengeredwa. Kandalama komwe anasunga kanathera pa mankhwala a mphere, makapisozi ndi jakisoni woti "atsuke magazi". Kunyumba anali atawapatulira beseni laokha losambira m'manja.

Za beseni zija zinandipweteka mtima. Ndatopa nako kumva kuti khungu lililonse loyabwa ndi mphere kapena magazi oipa. Matenda a bambowa ife azachipatala timawatcha contact dermatitis, kutanthauza kutupa kwa khungu chifukwa cha chinthu chomwe lakhudzana nacho. Sapatsirana. Gwiranani chanza, dyerani mbale imodzi. Ndipo magazi alibe mlandu, palibe jakisoni yemwe angachize dzanja lomwe mawa libwerera m'simenti.

Simenti yonyowa imadya khungu payokha. Koma mulinso chromate, kamchere komwe thupi likangodana nako, chidanicho n'cha moyo wonse. Apa m'pomwe ndalama zimatayikira. Mmisiri wodziwa ntchito amasiya kumanga, abwana amayambanso kuphunzitsa wina, chipatala chimalandira munthu yemweyo kanayi kapena kasanu, n'kumamupatsa mankhwala omwe akanachiza wodwala mphere weniweni. Amayi a m'saluni ogwira mankhwala odetsa tsitsi ndi anamwino osamba m'manja kosalekeza ali m'gulu lomweli. Poti matendawa sapha, palibe amawerengera zomwe amadya.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti njira yake inapezeka kale. Ku Denmark, mu 1983, analamula kuti mu simenti azithiramo ferrous sulphate yemwe amafooketsa chromate. Mayiko a European Union anayamba kutsatira njira yomweyo mu 2005, ndipo amisiri odwala ziwengo za chromate anachepa kwambiri.

Pakadali pano valani magolovesi osalowa madzi, ngakhale ena amadananso ndi labala. Tsukani simenti isanaume, dzolani Vaseline, ndipo musamangogula mafuta a steroid pamsika, amapyapyalitsa khungu mukawadzola nthawi yaitali. Zikapitirira bwerani; nthawi zina patch test, pomwe timamata tizinthu pamsana kwa maola 48, imaulula chomwe chikukuvutani.

Bambo aja ndinawalembera kalata yopita kwa abwana awo, yopempha magolovesi ndi ntchito youma kwa mwezi umodzi. Ndinawapemphanso kuti ulendo winawo abwere ndi akazi awo, tidzakambirane za beseni lija.