Mahalia Jackson adakana nyimbo za m'mabala, koma malipiro sadakane

Mwezi wathawu ndidakhala nawo pa ukwati wina ku Ndirande. Pamwambowo padali mayi wina amene ndakhala ndikuwamva akuyimba kuyambira ndili mwana wa Sande sukulu, pano mutu wawo wayera ndi imvi. Mayiwa adayimba kutchalitchi m'mawa, nakayimbanso kuholo masana mpaka mawu kusasa. Nthawi yolipira itakwana, mnyamata wa zimbale adalandira envulopu yake, wojambula zithunzi yake, ngakhale wa jenereta adapatsidwa kangachepe. Mayi aja adawaninkha mbale ya mpunga, Fanta imodzi, ndi mawu oti "Ambuye akudalitseni, amayi." Ya minibasi yobwerera kwawo adachita kupempha kwa ine, munthu wodya za cholembera.

Ndili m'njira ndidakumbukira Mahalia Jackson, mayi wa ku America amene adayimba nyimbo zauzimu moyo wawo onse, mpaka dziko lapansi kuwatcha mfumukazi ya nyimbozi. Alaliki akamanena za mayiwa amakonda kutchula zimene adakana. Ine lero ndikufuna nditchulenso zimene sadakane, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Mayi Jackson adabadwa pa 26 October 1911 mumzinda wa New Orleans, m'banja la anthu akuda osauka zedi. Mayi awo adamwalira iwo ali aang'ono, ndipo adaleredwa ndi mchemwali wa mayi awowo, munthu wa mkwapulo pafupi. Sukulu adaisiyira panjira. (Pamenepa sindinganene zambiri, poti inenso ku koleji ndidangonunkhizako.) Ali chitsikana adasamukira ku Chicago, kumene ankachapa zovala ndi kukolopa m'nyumba za azungu, Lamulungu n'kumayimba kwaya ku mpingo wa Greater Salem Baptist.

Musaganize kuti adangowalandira ndi manja awiri ayi. Matchalitchi akuluakulu a anthu akuda ku Chicago nthawi imeneyo ankakonda nyimbo zoyimba utaima njo, buku m'manja. Mahalia ankayimba ndi thupi lonse, kuwomba m'manja, kugwedezeka, monga adaphunzirira kwawo ku New Orleans. Abusa ena adati mtsikanayu akubweretsa zachikunja m'nyumba ya Mulungu. Amene adawapatsa malo ndi timipingo ting'onoting'ono ta m'mashopu, komanso Thomas Dorsey, katswiri wopeka nyimbo zauzimu. A Dorsey ankasindikiza nyimbo zawo papepala n'kumagulitsa, ndipo Mahalia ndiye ankaziyimba kuti anthu akopeke agule. Inu a mumsika mukudziwa ntchito imeneyi, ndi yoitanira malonda.

Mayesero adadza m'chaka cha 1937. Kampani ya Decca idawajambula nyimbo zinayi, koma mbale zake sizidayende malonda. Akuluakulu a kampaniyo adati akhoza kupitiriza nawo pokhapokha atavomera kuyimba nyimbo za blues, zija zankavinidwa m'malo achisangalalo. Mayi adakana, Decca n'kuwataya. Kunyumba nakonso kudalibe mtendere. Amuna awo, a Isaac Hockenhull, munthu wophunzira bwino koma wokonda juga ya mahatchi, ankaona ngati mkazi wawo akusewera ndi chuma chimene chili pakhosi. Adawakakamiza kukayesa mwayi pa sewero lina la nyimbo zachikunja lolipira madola 60 pa sabata, ndalama zochititsa kaso m'masiku a umphawi amenewo. Mahalia adapita, adapambana, koma ntchitoyo sadaiyambe. Banja lidatha. Ngakhale atatchuka, m'manaitikalabu ankakana kuyimbamo, kaya muwalonjeze zingati.

Tsono funso limene alaliki salifunsa ndi ili: munthu wokana zonsezi ankadya chiyani? Yankho lake ndi geni. Mayiwa ankaphika mafuta odzola ndi a tsitsi kukhitchini, n'kumagulitsa m'mabotolo kulikonse kumene apita kukayimba. Adaphunzira ntchito yokonza tsitsi, natsegula saluni yawoyawo. Pambuyo pake adatsegulanso shopu ya maluwa, ndipo poti anthu ankawaitana kukayimba pamaliro, nkhata zankagulidwa komweko. Ndalama zikapezeka ankagula nyumba zochititsa lendi. Kukana kumafuna munthu wokhuta, abale. Wanjala akamva fungo la ndiwo chikhulupiriro chimayamba kunjenjemera, ndipo mayiwa ankazidziwa zimenezi.

Zinthu zidatseguka m'chaka cha 1947, pamene kampani yaing'ono ya Apollo idajambula nyimbo yawo ya Move On Up a Little Higher. Mbale zake zidagulidwa zoposa miliyoni imodzi, chinthu chimene anthu sankachiyembekeza pa nyimbo ya kutchalitchi. Taonani zaka zimene adadikira. Achinyamata athu amatulutsa nyimbo imodzi, ikapanda kuphulika pa miyezi itatu ati Mulungu sadawaitane.

Kuchoka apo mbiri yawo ndi yodziwika. Adayimba ku Carnegie Hall mumzinda wa New York mu 1950, adalowa kampani yaikulu ya Columbia mu 1954, ndipo mu 1961 adayimba pa chisangalalo cha kulumbiritsidwa kwa pulezidenti John F. Kennedy. Pa 28 August 1963 adayimbira chinamtindi cha anthu pafupifupi 250,000 ku Washington, tsiku limene Martin Luther King adalankhula mawu ake otchuka aja, ndipo King ataphedwa mu 1968 adakayimbanso pamaliro ake.

Koma kutchuka sikudasinthe khungu lawo. M'zigawo za kum'mwera kwa America mahotela ambiri sankalandira anthu akuda, kotero mfumukazi yonseyo nthawi zina inkagona m'galimoto yake ya Cadillac. Atagula nyumba m'dera la azungu ku Chicago, anthu ena adaombera zipolopolo pawindo. Okonza zoyimbayimba nawo adali ndi kamchitidwe kothawa ndi ndalama za pakhomo kapena kulemba cheke chopanda kanthu kubanki. Ndiye mayiwa adaika lamulo lawo: ndalama ikhale kashi, iwerengedwe, ilowe m'manja mwawo mwambo usadathe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munthu yemweyo woliritsa holo yonse ndi nyimbo ya Yesu ankakhala kuseri n'kumanyowetsa chala, kuwerenga madola limodzilimodzi, ndipo sankaona kuti zinthu ziwirizi zikutsutsana.

Ine ndikugwirizana nawo. Kwathu kuno tili ndi kamtima koti woyimba zauzimu akatchula mtengo ndiye kuti wagwa, walowa zamalonda. Komatu holo timalipira, mahema timalipira, abusa timawasonkhera ya mafuta a galimoto, osadandaula. Tikafika pa munthu amene wathera zaka makumi anayi akuphunzira nyimbo usiku, kugula yunifolomu ndi ndalama zake, kuyenda pansi kupita kumaliro a anthu osawadziwa, pamenepo mpamene timakumbukira kuti mphotho ili kumwamba. Ndi inunso anyamata othira nyimbo m'mamemore khadi pa tauni, amene mudalowa m'malo mwa ojambula makaseti mwachinyengo aja, mukamadzaza nyimbo mazana awiri pa mtengo wa chipisi, mumaganizako kuti mwini mawuwo wagona atadya chiyani?

Sindikuti Mahalia adali mngelo. Geni ina idawakanika, monga ya malo odyera nkhuku yokazinga amene adatsegulidwa m'dzina lawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 koma sadakhalitse. Ndipo pali nkhani ya Mildred Falls, mayi amene adawayimbira piyano zaka zoposa makumi awiri, kuyenda nawo maiko, kugona nawo m'galimoto momwemo. Ena olemba mbiri ya nyimbozi akuti Mayi Jackson ankaumira powalipira a Falls, ndipo awiriwa adasiyana mosakoma. Munthu wodziwa bwino kuwawa kwa kuyimba ulere adalephera kumasula dzanja kwa mnzake wa pambali. Ichi chimandipweteka kuposa za Decca zija, chifukwa ndachiwonapo kangapo kuno: mwini dzina pachikuto cha chimbale wamanga nyumba, anyamata a gitala ndi kiyibodi akudikirabe "mawa."

Mayi Jackson adayimba mpaka thupi kukana. Adadwalira paulendo wokayimba ku Germany mu 1971, ndipo adamwalira pa 27 January 1972 ali ndi zaka 60. Pamwambo wa maliro awo ku Chicago adayimba ndi Aretha Franklin.

Mayi a ku Ndirande aja ndidakumana nawonso Lachitatu lapitali pa depoti, atanyamula jumbo la yunifolomu. Ati Loweruka likudzali awaitana ku chinkhoswe ku Bangwe. Ndidawafunsa ngati ulendo uno atchulako mtengo. Adandiyang'ana ngati ndatukwana, kenaka n'kuseka.

"Iwe mwanawe, ndikayambe bwanji? Akandiyesa wosapemphera."

Kondakitala adali atayamba kale kukuwa, ndiye ndidapisanso m'thumba.